Chimaletsa goli la mahatchi kuvuka pa mlongoti wa ngolo n'chiyani?

Amene anakulira kumene kuli ngolo za ng'ombe, kaya ku Mchinji, ku Kasungu kapena ku Mzimba, amadziwa kuti ntchito yonse ili pa goli. Ng'ombe zimakoka ndi goli, zimakhota ndi goli, pa mtsetse zimabweza ngolo ndi goli lomwelo. N'chifukwa chake palibe amene amangolikoleka. Amalimanga zolimba ku mlongoti wa ngolo ndi tcheni, chingwe kapena bawuti. Ngolo ya mahatchi awiri, monga zimene zinkayenda m'mafamu a ku United States ndi Canada ndipo zikuyendabe pakati pa anthu a mpingo wa Amish, ili nalonso goli, koma la ntchito ina. Silikoka. Ndipo pa ngolo zochuluka, kwa zaka zambirimbiri, goli limeneli silinkamangidwa n'komwe ku mlongoti. Mphete yake ankangoilowetsa kunsonga, basi, ulendo nkuyamba.

Kuti timvetse chifukwa chake zimenezi zinkatheka, komanso chifukwa chake zinkapha anthu, tiyenera kuyambira kumbuyo kwa hatchi. Hatchi ilibe linunda, ndipo khosi lake silingasenze mtengo wouma monga imachitira ng'ombe. Mphamvu zake zili m'mapewa ndi pachifuwa. Choncho amaiveka chinthu chokhuthala chachikopa, chotsendera mapesi mkati, chooneka ngati nkhata yaikulu, chimene chimatsamira pamapewa. M'mbali mwa nkhatayo mumakhala zitsulo ziwiri zopindika, ndipo pa zitsulozo m'pamene pamachokera malamba okokera, awiri pa hatchi iliyonse. Malambawo amapita kumbuyo n'kukakoledwa pa kamtanda kopingasa kuseri kwa miyendo. Timitanda tiwiri timeneti, ka hatchi ya kumanja ndi ka hatchi ya kumanzere, timalumikizidwa ku mtanda waukulu umodzi, ndipo mtandawo umagwidwa pakati pake ndi chipini chimodzi patsinde pa mlongoti, pafupi ndi mawilo akutsogolo. Kukoka konse kumachitikira pamenepo.

Mlongoti umadutsa pakati pa mahatchi awiriwo. Pa mahatchi akuluakulu olimira, a mtundu wa Belgian kapena Percheron, omwe imodzi imatha kulemera makilogalamu 800 mpaka 1,000, kuchokera pa chipini chija kufika pamene pamakhala goli pamatalika pafupifupi mamita 3. Pa ngolo zambiri za kumunda mlongotiwu sunaumitsidwe patsinde. Umatha kukwera ndi kutsika, ndipo ukausiya nsonga yake imagwa pansi. Amaupanga dala chotero kuti mawilo akutsogolo akalowa m'dzenje kapena akakwera pa chitunda, mlongoti usamanyamule kapena kukanikiza mahatchi. Koma ndiye kuti pakufunika chounyamula kutsogolo.

Chounyamulacho ndi goli. Ndi mtengo wolimba, kawirikawiri wa hickory kapena ash, masiku ano ngakhale paipi yachitsulo, wotalika mita imodzi kapena kupitirira pang'ono. Silikhala pakhosi ayi. Limalendewera kutsogolo kwa zifuwa za mahatchi, kunsi kwa makosi awo. Lili ndi mphete zitatu zachitsulo. Ziwiri za kumapeto zimagwidwa ndi malamba ochokera ku nkhata ya hatchi iliyonse, ndipo ya pakati, yaikulu, ndi imene imalowa kunsonga kwa mlongoti.

Kupatula kunyamula nsonga, goli limawongolera ngolo. Mahatchi akapatukira kumanja, goli limatenga nsonga ya mlongoti kupita nayo kumanja, mlongoti n'kutembenuza mawilo akutsogolo. Koma ntchito yake yolemera kwambiri ndi kubweza. Pa mtsetse, kapena woyendetsa akati mahatchi aime, ngolo imafuna kupitirira. Imakankha mlongoti, mlongoti umakankha goli, goli limakoka lamba wodutsa pakati pa miyendo yakutsogolo ya hatchi, ndipo lamba ameneyu amalumikizana ndi malamba ena a pansi pa mimba opita ku lamba wamkulu wozungulira ntchafu kumbuyo. Hatchi imakhala ngati ikukhalira lamba wa kuntchafuyo, ndipo ngolo imamva. Tiyerekeze ngolo ndi katundu wake zikulemera makilogalamu 1,500, pa mtsetse wotsika mita imodzi pa mamita 10 aliwonse. Mphamvu yokankhira kutsogolo imakhala ngati ya makilogalamu 150, kuchotsapo pang'ono zimene mawilo ndi nthaka zimadya. Ngati ngoloyo ilibe mabuleki, mphamvu yonseyi imadutsa pa mphete imodzi ija. Mawilo akagunda mwala kapena mahatchi akaima modzidzimuka, imachuluka kangapo m'kanthawi kochepa.

Kunsonga kwa mlongoti wamtengo amavekako chitsulo, ndipo pa chitsulocho, nthawi zambiri cha kunsi, pamakhala chotchinga chotukuka. Mphete ya goli imalowa kuchokera kutsogolo n'kukatsamira pa chotchingacho. Kumbuyo singapite. Koma taonani bwino: chotchinga chimenechi chimaletsa mbali imodzi yokha. Kutsogolo kwa mphete kulibe kanthu, kuli kansonga kosalala kosafika n'komwe masentimita 30, kenako mphepo.

Nanga mphete imakhala bwanji pamalo pake? Imagwidwa ndi malamba okokera aja, omwe ali mamita atatu kumbuyo. Hatchi ndi yomangidwa mbali ziwiri: kumbuyo ku mtanda, kutsogolo ku goli. Malamba okokera akakhala a muyezo wabwino, hatchi ikasuntha kutsogolo pang'ono chabe malambawo amakungika, ngolo n'kuyamba kuyenda limodzi nayo, mlongoti n'kumatsatira. Mphete imangosuntha zala ziwiri kapena zitatu kuchoka pa chotchinga, sifika kunsonga. Ndiye kuti chitetezo cha kutsogolo chinakolekedwa pa zinthu za kumbuyo. Pamenepa m'pamene pagona vuto lonse. Chilichonse chikalakwika kumbuyo, kutsogolo nako kumamasuka nthawi yomweyo.

Ndipo zolakwika kumbuyo n'zambiri. Kumapeto kwa lamba wokokera kumakhala katcheni, ndipo womanga amasankha mfundo ya katcheniko imene akoleke pa mbedza. Akalakwitsa ndi mfundo ziwiri zokha, kapena akamanga hatchi yaifupi thupi pa muyezo wa inzake yaitali, malamba atalika. Mlongoti ukakhala waufupi, monga zimachitikira munthu akaduladula nsonga yothyoka n'kubwezeretsapo chitsulo, mphete imayamba ulendo ili kale pafupi ndi kugwa. Chikopa chimatanuka chikanyowa. Pa mtsetse malamba okokera amalendewera opanda ntchito, ndipo akamagwedezeka katcheni kamatha kudumpha pa mbedza popanda aliyense kuona, vuto n'kudzaonekera pansi pa mtsetse mahatchi akayambanso kukoka. Kamtanda kamatha kuthyoka. Chipini chija chimatha kudumpha pa msewu wa mabampu. Ndipo popeza mtanda waukulu umazungulira pakati, hatchi imodzi ikamasuka kumbuyo mtandawo umapendekera kwa inzake, iyonso n'kupeza mpata wopita patsogolo. Mahatchi onse awiri asuntha, ngolo yatsala, mphete yasololoka.

Zotsatira zake zimachitika mofulumira kwambiri. Hatchi yothamanga pang'ono, makilomita 12 pa ola, imadutsa mamita oposa 3 pa sekondi imodzi. Nsonga ya mlongoti ikagwa pa dothi lofewa imazika. Ngolo, ndi kulemera kwake konse, imabwera pambuyo pake, ndipo mlongoti umathyoka n'kusiya chibanthu chosongoka pakati pa miyendo ya mahatchi, kapena ngolo imanyamuka n'kugubuduzika, woyendetsa n'kuponyedwa kutsogolo kumene kuli ziboda. Ikagwa pa msewu wouma sizika, imakhukhuluzika uku ikupita kumanja ndi kumanzere, kumenya mahatchi m'miyendo, ndipo mawilo akutsogolo amatsatira kulikonse kumene yalowera. Palibenso chowongolera, palibenso chobweza, moti ngolo imathamangira mahatchi n'kuwagunda kumbuyo. Hatchi ndi nyama imene ikachita mantha imaliyatsa liwiro, sifunsa. Ikumenyedwa ndi chinthu chimene sikuchiona, ndipo malamba otsala akukokabe chinthucho pambuyo pake. Woyendetsa akakoka zingwe kuti aime, ngolo imawagundanso, iwo n'kuwonjezera liwiro. Ngakhale onse atapulumuka, hatchi imene yaona zimenezi imatha kukhala yamantha pa ngolo kwa moyo wake wonse.

Munthu angafunse kuti nanga anthu anzeru zawo ankalekereranji. Yankho ndi ntchito. Cha m'ma 1915 mpaka 1920, mafamu a ku United States anali ndi mahatchi ndi nyulu zoposa 25 miliyoni, ndipo mlimi mmodzi ankatha kusamutsa mahatchi omwewo kangapo pa tsiku: m'mawa makina otchetchera udzu, masana ngolo, madzulo china. Goli linkayenda ndi mahatchi, lili lendelende pa zifuwa zawo. Kufika pa chipangizo china, kungonyamula mlongoti, kulowetsa mphete, kukoleka malamba anayi, kwatha. Ndipo kwa munthu wodziwa muyezo wa mahatchi ake, njirayi inkagwira ntchito zaka ndi zaka popanda ngozi. Makampani akuluakulu opanga ngolo, monga Studebaker ya ku South Bend ku Indiana imene inayamba mu 1852, ankagulitsa kwa alimi amene anazolowera zotere.

Komabe ngozi zinkachitika mokwanira moti amisiri sanagone. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1800 ndi kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1900, ofesi ya boma la America yolembetsa nzeru zatsopano inalandira njira zambirimbiri zotsekera goli kunsonga kwa mlongoti, ndipo m'kaundula wake zipangizo zokokera ngolo ndi ziweto zinapatsidwa gulu lawolawo, nambala 278. Zambiri mwa nzeruzo zinathera papepala. Zimene zinapulumuka tingazione lero pa zipangizo zopangidwa ndi makampani a anthu a Amish, monga Pioneer Equipment ya ku Dalton ku Ohio, komanso pa chionetsero cha Horse Progress Days chimene chakhala chikuchitika pafupifupi chaka chilichonse kuyambira 1994, mosinthasintha madera. Apa tinene kuti tingolo takuda tija timene anthu a Amish amayendera ku Lancaster ku Pennsylvania kapena ku Holmes County ku Ohio kawirikawiri timakokedwa ndi hatchi imodzi pakati pa mitengo iwiri, ndipo tilibe goli. Nkhani yathu ndi ya mahatchi awiri, pa ngolo za katundu ndi zipangizo za kumunda.

Njira imene imaoneka yanzeru kuposa zonse ndi kalilime kachitsulo kotsekera, koikidwa pa nsonga penipeni, kutsogolo kwa mphete. Polowetsa goli, mphete imakankha kalilimeko, kamagonera mkati, mphete ikadutsa kamabwerera pamalo pake. Tsopano mphete ili pakati pa zinthu ziwiri, chotchinga kumbuyo ndi kalilime kutsogolo. Kuti uichotse uyenera kukanikiza kalilimeko ndi chala. Tina timabwerera ndi kasipuling'i, tina ndi kulemera kwake komwe, kungogwa tokha. Ubwino wake ndi woti sikadalira kukumbukira kwa munthu. Mlimi wotopa, mdima ukugwa, mvula ikubwera, sangaiwale kutseka chifukwa kamatseka kokha.

Koma kalilime kali ndi adani ake. Nsonga ya mlongoti ndi imene imagona pansi ngolo ikakhala pa bwalo, m'matope, m'ndowe, ndipo kumayiko ozizirawo m'madzi oundana. Dothi likauma mkati, kalilime kamagonera n'kukhalira komweko, mwini wake akuganiza kuti katseka. Dzimbiri limadya kasipuling'i mwakachetechete. Kodzigwera kokha kamatha kudumpha pa mabampu pa nthawi yolakwika. Ndipo pali nkhani ya kukula kwa mphete, imene ambiri saiganizira. Goli lobwereka kwa mnansi likhoza kukhala ndi mphete yotakasuka moti imalumpha kalilime osakakhudza. Choopsa kwambiri, mphete yotereyi pa mtsetse imatha kulumphanso chotchinga cha kumbuyo n'kutsetsereka pa mlongoti kulowera ku ngolo. Pamenepo nsonga siigwa, koma chobweza palibe, ndipo ngolo imakwera mahatchi kumbuyo. Mphete ndi chitsulo cha kunsonga ziyenera kuyezedwa limodzi, ndipo amene watseka ayenera kukoka goli kutsogolo ndi manja awiri kuti amve ngati lagwiradi.

Amisiri ena anapewa tizitsulo toyenda. Anapinda nsonga kukhala mbedza, kapena anaika chotukuka china kutsogolo, moti mphete imalowa pokhapokha goli utalipendeketsa mwanjira imene silingapendekere lili pa mahatchi. Palibe kasipuling'i kofooka pamenepo. Vuto lake ndi loti goli uyenera kuliika pa mlongoti lisanamangidwe ku mahatchi, ndiye changu chija chatha.

Njira yotsika mtengo, imene ine ndingayambire, ndi lamba wolimba kapena katcheni kakafupi. Amakakulunga pa mphete ya goli n'kukamanga kuseri kwa chotchinga, kapena pa kachitsulo kokhomedwa pa mlongoti dala chifukwa cha ntchitoyi. Doug Hammill, dokotala wa ziweto wa ku Montana amene wakhala akuphunzitsa anthu kuyendetsa mahatchi a ntchito, amalimbikira mfundo yakuti goli lizimangidwa ku mlongoti nthawi zonse, ngakhale pa ulendo waufupi. Chofunika pa katcheni kameneka ndi kufupika. Kakakhala kotalika kuposa kansonga kotsala kutsogolo kwa mphete, mphete ivuka ndithu, ndipo mlongoti uzilendewera pa katcheni uku ukumenya mahatchi m'mawondo. N'zabwinoko kusiyana ndi kuzika pansi, koma si zimene tikufuna. Alimi ambiri amangozunguliza chingwe chomangira mabelo a udzu kangapo. Chimathandiza tsiku limenelo. Kungoti chitsulo chimachidya msanga, dzuwa limachifooketsa, ndipo chimene munthu anamanga kuti chigwire sabata imodzi chimapezeka chidakali pomwepo chaka chamawa.

Pa tingolo topepuka ta anthu okwera, ta mahatchi awiri, pakati pa goli sipankakhala mphete yachitsulo koma chikopa chochindikala chobooledwa, chimene chimavala nsonga mothina ndipo sichichita phokoso. Chikopa chimagwira bwino kuposa chitsulo chosalala, koma chimatanuka ndi kung'ambika, n'chifukwa chake pambali pake amawonjezerapo kalamba ka chitetezo kozungulira mlongoti.

Ndiye pali kumangiratu. Amaboola mlongoti pafupi ndi nsonga, kulowetsa chibawuti cha mutu wa mphete, n'kulumikiza goli pamenepo kuti lisamachokenso. Pa makina otchetchera udzu, monga McCormick-Deering No. 9 amene alimi a mahatchi amawakonzabe n'kumagwiritsa ntchito, njirayi ndi yomveka, chifukwa kumbali kwake kuli mpeni wautali woyenda uku ndi uku, ndipo woyendetsa amakhala pa kampando kopanda chomugwira. Mlongoti wa makina otere ukagwa, munthu akhoza kugwera kutsogolo kwa mpeniwo. Vuto la njirayi ndi loti chipangizo chilichonse chimafuna goli lakelake. Komanso bowo limafooketsa mtengo pamalo pomwe pamafika mphamvu zambiri, choncho payenera kukhala zitsulo zokuta mbali zonse ziwiri, ndipo nati iyenera kutsekedwa ndi inzake kapena ndi kapini kuti isamasuke ndi kugwedezeka. Cholakwika china ndi kumanga mouma. Goli liyenera kupendekera mmwamba ndi pansi hatchi imodzi ikaponda pokwera, liyeneranso kupita patsogolo mbali imodzi hatchi ina ikatsogola. Ukaliumitsa, kugwedezeka konse kwa ngolo kuzikathera m'mapewa a mahatchi, ndipo zilonda sizichedwa.

Ku New England, kumpoto chakum'mawa kwa United States, odula mitengo ndi alimi ena ali ndi kamangidwe kawokawo. Malamba okokera, obwezera ndi onyamula amakumana pa mphete imodzi m'mbali mwa hatchi, kuseri kwa phewa, ndipo kulemera kwa mlongoti kumapita pamsana osati pakhosi. Kuti zimenezi zitheke amamanga mokungika kwambiri, kutsogolo ndi kumbuyo, popanda kulendewera kulikonse. Ena mwa iwo goli lawo lilibe mphete yovala nsonga, lili ndi kachitsulo kolowa m'bowo kumapeto kwa mlongoti. Kukungikako kumachepetsa mpata woti goli lisunthe, koma mfundo ndi yomwe ija: chikaduka cha kumbuyo, cha kutsogolo chimasololoka, pokhapokha pali kapini kapena katcheni.

Pali anthu odziwa ntchito amene amakayikira zomanga goli, ndipo mfundo yawo si yachibwana. Hatchi ikagwa, pa madzi oundana kapena m'dzenje, imagona itapanikiza malamba onse. Pamenepo ukufuna kuimasula msanga isanayambe kuphupha n'kuvulaza inzake. Kalilime kotsekera sikakanikizika pamene mphete ikukakoka ndi mphamvu ya nyama ya makilogalamu 900, ndipo bawuti sungamasule popanda sipanala. Izi n'zoona. Koma hatchi yogwa siimasulidwa pa mphete ya pakati, imamasulidwa pa malamba a pachifuwa chake, ndipo oyendetsa mahatchi amayenda ndi mpeni wakuthwa m'thumba chifukwa cha tsiku lotere. Chimene mfundo yawo ikutiphunzitsa n'chakuti pakati pa hatchi ndi mlongoti pazikhala penapake podulika ndi mpeni. Kumanga tcheni kuyambira ku nkhata mpaka ku mlongoti popanda chikopa kapena lamba pakati n'kudzitsekera njira.

Ena amati goli lomangidwa limabisa ulesi, munthu amaleka kuyeza malamba ake chifukwa akudalira chotsekera. Izinso zimachitika. Chotsekera sichinapangidwe kuti chizikoka ngolo. Malamba okokera akatalika, mahatchi amayamba kukoka ndi goli, nkhata imapendekera kutsogolo, khosi limatupa pamwamba, ndipo kalilime kamene kanayenera kudikira tsiku la ngozi kamadyeka tsiku lililonse. Muyezo umaonedwa chonchi: utamanga zonse, suntha mahatchi pang'ono mpaka malamba okokera akungike. Mphete ikhale pa chotchinga kapena pafupi nacho kwambiri, ndipo dzanja lizilowa pakati pa ntchafu ya hatchi ndi lamba wobwezera. Likakana kulowa wathinitsa, hatchi izinyuka ndipo izivuta. Likalowa ndi mpata wotsala wambiri, ngolo izithamangira mahatchi isanagwidwe.

Nanga chotsekera chimathandiza chiyani tsiku limene chipini chadumpha? Mahatchi amasuntha, mphete imagunda kalilime, ndipo ngolo imayamba kukokedwa ndi kutsogolo. Sizooneka bwino. Mtanda waukulu ukhoza kugwa n'kumakhukhuluzika kuseri kwa ziboda, mahatchi n'kudzidzimuka. Koma mlongoti uli m'mwamba, mawilo akutsatira mahatchi, ndipo woyendetsa akati aime ngolo imabwezedwa monga mwa masiku onse. Wapatsidwa masekondi angapo oti alankhule ndi mahatchi ake asanabalalike. Chipinicho nachonso chili ndi zoteteza zake. Pamwamba pa mtanda pamadutsa chitsulo chophwatalala chochigwira kuti chisapindike, ndipo kunsi kwake kuyenera kukhala kapini. Pa ngolo zakale mutu wa chipini unkapangidwa ngati sipanala yomasulira mawilo, moti chinkachotsedwachotsedwa, ndipo n'zosadabwitsa kuti nthawi zina chinkabwezedwa popanda chochitseka.

Ku England ndi madera ena a ku Ulaya ngolo zapamwamba za anthu okwera zinalambalala vuto lonseli. Mlongoti wake ndi wouma patsinde, umadzinyamula wokha, ndipo kunsonga kwake kuli chitsulo cha mphete ziwiri kumene kumachokera malamba kapena matcheni opita ku nkhata ya hatchi iliyonse. Palibe goli loti livuke. Njirayi imayenda bwino pa misewu yosalala, koma m'munda wa mabampu mlongoti wouma umakwapula mahatchi. Ngolo zamakono za mpikisano wa mahatchi awiri zinatenga pang'ono uku pang'ono uku: mlongoti wogwidwa ndi sipuling'i kuti usagwe, ndi kagoli kakafupi komangiriratu kunsonga pa cholumikizira chozungulira.

Kwathu kuno nkhaniyi ikukhudza abulu. M'madera ambiri a m'chigawo chapakati abulu amakoka ngolo ndi goli la ng'ombe, ndipo popeza bulu, monga hatchi, alibe linunda, goli limamudya pakhosi. Kumene anthu asiya zimenezi n'kuyamba kumanga abulu ndi lamba wa pachifuwa ndi timitanda kumbuyo, monga zimachitikira ku Botswana, ku Namibia ndi ku South Africa, kukoka kumasamukira kumbuyo, ndipo nsonga ya mlongoti imatsala ikulendewera pa kamtengo kopingasa kapena pa malamba a pakhosi. Vuto lija la kuvuka kwa goli lafika pamenepo. Ndipo pa ngolo ya mawilo awiri likukula, chifukwa katundu akachuluka kumbuyo kwa mawilo mlongoti sugwa koma umanyamuka. Chomangira chiyenera kugwira mbali zinayi: kutsogolo, kumbuyo, pansi ndi mmwamba. Pa mlongoti wa paipi, mmisiri wowotcherera akhoza kuikapo mphete yotseka ndi katcheni kakafupi, ndipo ndi bwino kuti pakhalenso bawuti wodutsa paipi yonse, poti chowotcherera chikathetheka sichichenjeza.

Kamangidwe kalinso ndi dongosolo lake limene silisintha, kaya pali chotsekera kaya palibe. Pomanga amayamba ndi goli, malamba okokera pambuyo. Pomasula amayamba ndi malamba okokera, onse anayi, goli pomaliza. Ukasemphanitsa, pamakhala kanthawi kamene mahatchi ndi omangidwa ku ngolo imene sangaiwongole kapena kuibweza, ndipo ntchentche imodzi yoluma ndi yokwanira kuti asunthe. Ngozi zambiri za pa bwalo zimachokera pa lamba mmodzi woiwalika pomasula: munthu wachotsa goli, akutsogolera mahatchi ku khola, ngolo n'kuyamba kuwatsatira cham'mbali. Nthawi yonseyi zingwe zowongolera zikhale m'manja kapena pofikira dzanja. Tizitsulo tokowera timene timalumikiza malamba a pachifuwa ku goli tiyang'ane mkati, ku mlongoti, chifukwa hatchi imakonda kukhula mutu wake pa goli ikatuluka thukuta, ndipo kokowera koyang'ana kunja kamatha kukola chitsulo cha m'kamwa. Hatchi yokoledwa mutu pansi imalimbana mpaka china chiduke. Pa chifukwa chomwecho si nzeru kuthetsa vuto la mphete pongosiya nsonga yaitali kwambiri. Zingwe zowongolera zimapingasana pakati pa mitu ya mahatchi, ndipo zikalendewera zimakolowekeka kunsi kwa nsonga yotere, woyendetsa n'kutsala akukoka mlongoti m'malo mwa pakamwa pa hatchi.

Malo amene amanamiza anthu kwambiri ndi mtengo wa mkati mwa chitsulo cha kunsonga. Madzi a mvula amalowa pakati pa chitsulo ndi mtengo, saumamo, ndipo mtengo umaola kuyambira pa mabowo a misomali pamene kunja penti akuoneka bwinobwino. Kalilime kakhoza kukhala katsopano, katcheni kolimba, koma zonsezo zagwira chitsulo chimene chingazuke chonse pamodzi ndi mphete. Amayesa pobaya ndi nsonga ya mpeni m'mphepete mwa chitsulocho ndi pochigwedeza ndi manja. Mpeni ukalowa mosavuta kapena chitsulo chikasuntha, mlongotiwo watha. Ngolo ikaima, nsonga iziikidwa pa chipika kuti isagone m'dothi. Pa goli penipeni, poyang'ana ndi pamene mphete ya pakati imakhulana ndi zitsulo zoigwira. Pamenepo chitsulo chimapyapyala pang'onopang'ono cha mkati, mbali imene diso silifika pokhapokha utatembenuza mpheteyo n'kuyendetsapo chala.